Mwana wosaona bwino m'kalasi: yambani ndi bolodi ndi katoni

Aphunzitsi a kuno ku Mzuzu, mukudziwa mdima umene umakhala m'kalasi m'mawa wa June ndi July nkhungu ikakuta. Wamaso abwino amene amachita kutsinzinira kuti awerenge pabolodi. Nanga mwana wachialubino, amene saona patali? Timafulumira kumutcha waulesi, chonsecho tikumuuza kuti akopere zomwe sakuziona. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 alionse a zaka 5 kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali, ndiye musamati m'kalasi mwanu mulibe.

Musadikire mabuku a Braille, zilembo zotukuka zimene osaona amawerenga ndi zala. Bolodi likatuwa lidetseni, zilembo zikhale zazikulu, ndipo chilichonse mukulemba muzichitchula mokweza. Mwanayo akhale kutsogolo, koma osati moyang'anizana ndi windo, chifukwa kuwala kumamuthobwa m'maso. Mufunseni mwini wake pomwe akuonera bwino. Akamagunditsa buku pamphuno musiyeni, ndi momwe amawerengera. Notsi zake mulembereni papepala ndi cholembera chakuda kwambiri, kapena pitani nazo pa fotokope m'tauni akakulitse tsamba la A4 likhale A3.

Kwa wosaoneratu, TALULAR ija tinaphunzira kukoleji, njira yophunzitsira pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, ndi pomwe imagwira ntchito. Tengani katoni, jambulani mapu a Malawi, malire mumatepo chingwe, nyanja muipake guluu n'kuwazapo mchenga. Mzuzu ikhale nyemba, Karonga njere ya chimanga. Chala chikayenda kuchoka pa nyemba kukafika pa chimanga, msewu wa M1 waudziwa. Chodabwitsa n'chakuti ana oona ndi amene amayamba kulimbirana katoniyo. Pa masamu, zitsekerero za mabotolo zimakwanira.

Wosamva bwino amawerenga milomo yanu, choncho musamalankhule mutamufulatira. Mawu atsopano alembeni, muonetseni chinthu chenichenicho.

Zina sitingathe tokha. Kudzera kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lanu, itanani mphunzitsi amene anaphunzira za ana aulumali kukoleji ya Montfort, ku Chiradzulu, adzamuyeze mwanayo. Ku Ekwendeni kuli malo ophunzitsira ana osaona, ndipo ku Embangweni kuli sukulu ya ana osamva. Mwana akafika Sitandade 8, nenani za vuto lake polembetsa mayeso a MANEB kuti amukonzere pepala la zilembo zazikulu kapena la Braille. Mukakumbukira sabata ya mayeso, mwachedwa.