Custom firmware pa kagemu ka m'manja: mmene mungaisinthire popanda kumangofriza

Anthu ambiri akangoika custom firmware (system yosinthidwa yolola mapulogalamu omwe kampani siinavomereze) pa PSP, pa Vita, pa 3DS kapena pa Switch, tsiku lomwelo amafuna alowetsemo chilichonse chomwe anamvapo, ma plugin (timapulogalamu toonjezera) ambirimbiri, theme yatsopano, overclock (kukweza liwiro la chip), kenako kamakina kakayamba kufriza kapena sikirini ikangoti bii osayaka amati firmware yake ndi yachabechabe. Ayi anzanga. Luma3DS ya 3DS, Atmosphère ya Switch, HENkaku ya Vita, ARK-4 ya PSP, zonsezi pazokha ndi zolimba ndithu, anthu akhala akuzikonza kwa zaka. Chomwe chimagwetsa makina kawirikawiri ndi khadi ya memore yoipa komanso zomwe tasanjikiza tokha pamwamba.

Ndiye yambani ndi khadi, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri amalirira. Kuli makhadi abodza olembedwa 128GB koma mkati muli malo ochepa kwambiri, kompyuta imakuuzani kuti mafayilo alowa bwinobwino koma malo enieniwo akangodzaza, zatsopano zimangosowa kapena kufufuta zakale, kuli ngati kutunga madzi ndi ndowa yobowoka. Sabata yoyamba zonse zimayenda, kenako gemu ina sikutseguka, sevu ina yaonongeka, inu n'kumaloza chala firmware. Musanaikepo kanthu iyeseni khadiyo ndi H2testw ngati muli pa Windows, kapena F3 pa Linux ndi Mac. Pulogalamuyi imalemba khadi yonse mpaka kudzaza kenako n'kuwerenganso, imachedwa inde, khadi yaikulu imatha kudya maola, koma ikapeza vuto olo limodzi khadi imeneyo musaikhulupirire. Timakina ta magemu akale monga Miyoo Mini ndi ta Anbernic nthawi zambiri timabwera ndi kakhadi kopanda dzina, kasintheni musanaike firmware monga Onion OS kapena muOS.

Khadi ya 3DS kapena ya Switch ifomateni ndi FAT32. Pa 3DS palibe kuchitira mwina, exFAT siiwerenga, ndipo poti Windows sipereka FAT32 mosavuta pa khadi yoposa 32GB mugwiritse ntchito pulogalamu ya guiformat. Switch imawerenga exFAT, koma homebrew (pulogalamu yopangidwa ndi anthu wamba) ikakrasha ili mkati molemba, mafayilo amaonongeka msanga, nde bola FAT32 yomweyo olo kuti fayilo imodzi singapose 4GB.

Chachiwiri ndi backup ya NAND, memore ya mkati momwe muli system ya makina anu. Chitani zimenezi tsiku lomwe mwaika firmware, osati mawa. Pa 3DS gwirani START poyatsa, mulowa mu pulogalamu ya GodMode9, dinani HOME, pitani pa Scripts, GM9Megascript, Backup Options, kenako SysNAND Backup, mafayilo ake mukawapeza mu foda ya gm9/out. Pa Switch ndi mu hekate (menyu yoyatsira custom firmware) pa Tools, mutenge BOOT0 ndi BOOT1 komanso RAW GPP, ndipo khadi ikhale ndi malo okwanira chifukwa memore ya mkati ndi 32GB, ya OLED 64GB. Batire ikhale yodzaza, chaja ili pomwepo. Mukamaliza koperani pa kompyuta ndi penanso kwina, musasiye pa khadi yokhayo. Dziwaninso kuti backup ya mnzanu singakuthandizeni, NAND iliyonse ndi yotsekedwa ndi makiyi a makina amenewo okha, yanu ikasowa yasowa basi.

Musanasinthe chilichonse phunzirani kaye polowera makina akakana kuyaka. Pa PSP ya firmware ya PRO kapena ME yoikidwa mokhazikika mumagwira R poyatsa kuti mulowe mu recovery, menyu yokonzera mavuto. Pa Vita mumagwira L, imayaka osatsegula ma plugin. Pa 3DS, SELECT imakupatsani ma setting a Luma. Pa Switch mumagwira batani lotsitsira volyumu pomwe logo ya hekate ikuoneka. Yesani mabatani amenewa lero makina ali bwino, kuti tsiku la mavuto manja asamanjenjemere.

Tsopano ma plugin. Lamulo langa ndi limodzi ndipo sindilisintha: chinthu chimodzi nthawi imodzi. Ikani plugin imodzi, zimitsani n'kuyatsanso, sewerani gemu yolemera kwa kanthawi, igonekeni pa sleep n'kuidzutsa (zambiri zimafera pamenepa podzuka), sevani, tsegulaninso sevuyo. Zikayenda ndiye ikani ina. Mukaika zisanu pakamodzi n'kufriza mudziwa bwanji yolakwa?

Pa Vita pali kamsampha komwe kamakola anthu ambiri. Mndandanda wa ma plugin uli mu config.txt, ndipo fayiloyi imatha kupezeka malo awiri, ur0:tai ndi ux0:tai. Zikakhalapo zonse makina amamvera ya ux0, inu mukusintha ya ur0 n'kumadabwa kuti bwanji palibe chikusintha. Sungani ya ur0 yokha, foda ya tai ya mu ux0 muichotse, makamaka ngati muli ndi SD2Vita (adaputa yoikira khadi ya microSD mu Vita), chifukwa plugin yotsegula khadiyo singakhale pa khadi yomwe isanatseguke. Tsegulani config.txt mu VitaShell, pulogalamu yoonera mafayilo, muone bwino, mafayilo othera .skprx amapita pansi pa *KERNEL, othera .suprx pansi pa *main, *ALL kapena nambala ya gemu. Kalembo kamodzi kakalakwika pa njira ya fayilo, plugin sigwira. Pofuna kuzimitsa plugin musadilite mzere wake, ingoikani # kumayambiriro. Pa PSP n'zofanana, ngati muli ndi PRO kapena ME mu foda ya seplugins muli game.txt ndi vsh.txt, mzere ukathera ndi 1 plugin ndi yoyaka, 0 ndi yozima. Ndipo ngati yanu ndi PSP-1000 musaipanikize, ili ndi RAM ya 32MB pomwe zotsatira zake zili ndi 64MB.

Ngati mwaika kale zambiri ndipo zikufriza, musafomate chilichonse. Zimitsani theka la ma plugin, yesani. Vuto likatha ndiye kuti wolakwa ali mu theka lomwe mwazimitsalo, likapitirira ali mwa otsalawo, gawaninso pakati mpaka atsale mmodzi.

Nkhani ya apudeti nayo imafuna ndondomeko: custom firmware kaye, system pambuyo. Pa 3DS ikani boot.firm yatsopano ya Luma pa khadi musanavomere apudeti ya Nintendo. Pa Switch dikirani mpaka Atmosphère itatulutsa version yogwirizana ndi system yatsopanoyo, ndipo theme muichotse musanayambe, imakhala mu atmosphere/contents mu foda ya 0100000000001000, ikatsala ya version yakale menyu imakrasha poyaka. Ma sysmodule (ma plugin a pa Switch) akale nawonso amachita zomwezo. Kumbukiraninso kuti ma apudeti ena a Switch amawotcha ma fuse mkati mwa chip, ndiye kubwerera pa version yakale si nkhani yamasewera. Vita yanu ngati ili pa 3.60 kapena 3.65 ndi Ensō (HENkaku yokhazikika) isiyeni pomwepo, PSP nayo inathera pa 6.61, palibe chothamangira.

Za overclock sindinena zambiri. PSP kuchoka pa 222MHz kufika 333MHz ilibe vuto kupatula batire kutha msanga. Kwa makina enawo kwezani pa gemu yokhayo yomwe ikukoka, osati pa zonse, ndipo kumbuyo kukatentha kwambiri kapena batire ikayamba kutupa lekani pomwepo.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi kuona munthu akutsatira vidiyo ya zaka zisanu zapitazo ndi zip yomwe wina anaunjikamo mafayilo osadziwika. Njira zimasintha, tsatirani malangizo olembedwa omwe amakonzedwa pafupipafupi monga 3ds.hacks.guide, ndipo mafayilo muzitenga pa GitHub ya eni ake.

Pa Switch pangani emuMMC, kope ya system yoikidwa pa khadi, kuti zoyesayesa zonse zizichitikira pa khadi, system yeniyeni ikhale yosakhudzidwa, ndipo emuMMC imeneyo isamalumikizane ndi ma seva a Nintendo chifukwa akazindikira amatseka makina anu pa intaneti. Ma sevu muziwatulutsa ndi Checkpoint kapena JKSV musanasinthe kanthu kakakulu. Ndipo nthawi iliyonse makina akakhala kuti akuyenda bwino, koperani ma foda a luma, tai, seplugins kapena atmosphere pa kompyuta, dzina la foda mulembepo deti ndi version, kuti plugin yotsatira ikadzavuta mudzangobwezera fodayo n'kuyatsa.