Droni mukuiitanira mwezi wolakwika abale anga

Sabata yathayi anthu atatu osiyana anditumizira pa WhatsApp mavidiyo a minda yawo ojambulidwa ndi droni, kandege kakang'ono ka kamera kaja, uthenga wake umodzimodzi, "alangizi taonani zomwe tapanga, mutithandizeko kusheya." Awiri ndi a makoparetivi a soya ndi mtedza, winayo ali ndi famu yakeyake yochulukitsa mbewu. Ndatsegula yoyamba, nyimbo yabwinobwino, dzina la gulu likutuluka mozungulira ngati pa TV, kenako droni ija yanyamuka, nde kumunsiku kukuoneka chani? Dothi. Dothi lofiira, mizere ya chaka chatha yogumukagumuka, chigamba chakuda bii pomwe ana anayatsa moto posaka mbewa, kutsogoloko utsi wokhawokha moti mapiri a Mchinji omwe timawaona tsiku ndi tsiku aja osaoneka n'komwe. Yachiwiri chimodzimodzi kungoti mwaonjezekera mbuzi. Yachitatu sindinamalize, ndinamvera chisoni bandulo yanga.

Nde ndati m'malo moyankha mmodzimmodzi ndingolemba kamodzi onse amvere limodzi. Mnyamata wojambulayo musamunene, iye wagwira ntchito imene munamutuma. Pavuta ndi pa pakeji imene munasankha. Anyamatawa akamapereka koteshoni amaikapo mitundu ingapo, ina yobwera kamodzi n'kuulutsa maola ochepa basi, ina yobwera kawiri katatu mpaka nyengo ithe, ina yophatikiza kujambula pansi ndi kucheza ndi anthu. Inu diso limathamangira pa mzere wotchipa uja wa ulendo umodzi, chabwino palibe mlandu thumba ndi lanu, koma kumuuza kuti abwere Loweruka lomwe lino, mu Okutobala muno? Kudzajambula chani?

Chimene chimakuchititsani ndikuchidziwa, ndakhala nanu pa misonkhano yosawerengeka pansi pa mango. Soya mwagulitsa, mtedza mwaswa mwagulitsa, ogula omaliza alipira mochedwa monga mwa chizolowezi chawo, pofika Ogasiti Sepitembala mu akaunti ya gulu mwagona kenakake. Ndalama ikangogona mu akaunti imayamba kuyabwa a komiti, wina n'kukumbukira kuti anaona vidiyo ya gulu lina pa Facebook, basi pompo "nafenso tipange yathu." Kumeneku n'kuziziritsa fodya komwe kuja kwangovala suti. Mwezi umene muli ndi ndalama ndi womwe munda uli mbulanda, ndipo mwezi umene munda uli pachimake, soya watseka mizere, chimanga chamasula, mtedza wayanga, inuyo m'thumba muli gwa mukuwerenga matumba otsala m'nyumba ndi kufunafuna ya aganyu opalira. Chaka chilichonse zimayenda choncho, kalendala yake sisintha, koma mumachita ngati yakudzidzimutsani.

Tangoganizani kaye kuti droni mukuifuniranji. Chimene imaposera foni ya mwana wanu ndi chimodzi chokha, imaonetsa kukula ndi dongosolo la munda. Mukauza wogula wa ku Kanengo kuti ife tili ndi mahekitala 40 a soya iye amangogwedeza mutu chifukwa aliyense amanena choncho, koma akaona kuchokera m'mwamba minda yobiriwira yolumikizana, yodzala mizere iwiriiwiri pa mzere monga timaphunzitsira muja, yomera mofanana popanda mipata, amadziwa kuti anthu awa atha kudzadza lole. Wochulukitsa mbewu ndiye kwambiri, m'mwamba ndi momwe mumaoneka bwino kuti munda wake watalikirana ndi minda ya chimanga cha anthu ena, nkhani imene oyendera minda ya mbewu ochokera ku malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze saisekerera. Nanga mu Okutobala zonsezi zioneka bwanji? Munda wa mlimi wakhama ndi wa mlesi amafanana ndendende, onse ndi fumbi. Malire sadziwika. Wogula sangasiyanitse munda wanu ndi bwalo la mpira la pa pulayimale.

Ndiye palinso utsi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba itatsuka kumwamba, mlengalenga mumakhala chifunga cha utsi ndi fumbi, inu simuchiona chifukwa maso anazolowera koma kamera ikakwera imajambula kudutsa mu chifunga chonsecho, chithunzi n'kutuluka chotuwa ngati chachapidwa ndi sopo woipa. Wojambula akafuna kubisa amaonjezera mitundu pa kompyuta mpaka dothi kufiira ngati tomato, masamba a mango kuwala ngati apulasitiki, munthu wodziwa munda akangoona amadziwiratu kuti apa aphikapo. Onjezani kuti ambiri mumamuitana azifika cha m'ma 11 chifukwa a wapampando ayambe apita kaye ku maliro kapena ku msika, dzuwa lili paliwombo, mithunzi palibe, kamvulumvulu akuzungulira m'munda, pamene timadroni tambiri ta anyamatawa ndi topepuka tosafika ndi magalamu 250 omwe, mphepo ikamakankha batire imatha msanga.

Kugulu lina mwa awiri aja ndinapitako Lachitatu pa nkhani ina ya mbewu, ndinapeza akuonetsa vidiyoyo kwa mamembala pa laputopu ya mlembi, anthu aunjikana pakhonde la shedi. Panali bambo wina wachikulire wa kalabu ya kumunsi kwa dambo, munthu wosayankhulayankhula, amene soya wake chaka chathachi ndinkatengerako alimi ena kukaphunzira. Anayang'anitsitsa mpaka kutha, n'kufunsa kuti "wanga ndi uti pamenepa?" Mlembi anabweza m'mbuyo n'kuloza ndi cholembera. Iwo anapukusa mutu. "Ayi mwana wanga, umenewo si wanga, wanga ndi wobiriwira." Anthu kuseka. Kenako anatembenukira kwa ine, "Alangizi, ine chithunzi cha ukwati wanga chilipobe kunyumba, tsiku limenelo wojambula anachokera kuboma pa njinga, anafika m'mamawa koma anadikira mpaka mayi akunyumba asambe, adzole, avale. Sanawajambule akuchokera kokatunga madzi ayi. Nanga awa ajambula bwanji munda usanasambe?" Anapitiriza nkhani ya ukwatiyo, za ng'ombe imene inathawa, za amalume awo amene analedzera, mpaka a wapampando anachita kuwadula, koma pakhonde paja panali patakhala kale zii. Ndinamva pambuyo pake kuti pa msonkhano wovomereza ndalamayo bambo omwewa ananena kuti tidikire mvula, achinyamata a mu komiti n'kuwauza kuti agogo izi ndi za tekinoloje simungazimve, komanso mnyamata wanena kuti mtengo wotsitsawu ukutha mwezi uno.

Ukutha mwezi uno! Safunsa anadya phula. Droni sizinabwere dzulo m'Malawi muno ndipo sizikuchoka mawa. Ku Kasungu boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera madroni mu 2017, mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy komwe achinyamata akhala akuphunzira kuulutsa ndi kuwerenga zithunzi zake, oulutsa alipo ndipo akuchulukirachulukira. Amene akukuthamangitsani mu Okutobala akudziwa kuti ndi mwezi umene alimi ali ndi ndalama, nayenso ndi wabizinesi.

Ndipo poti ndatchula chigamba chakuda chija, ine zotentha mapesi zanditopetsa. Zaka zingati tikunena kuti mapesi ndi masangwi a soya azitsala m'munda aphimbe nthaka? Pa msonkhano nonse mumavomera, m'manja kuwomba, ndikangokwera njinga yanga moto buu. Kale mumabisa, mumanditengera ku munda umodzi wachionetsero uja wa m'mbali mwa msewu, pano mwalipira ndalama zanu zomwe kuti kandege kaonetse dziko lonse kuti gulu limene pa chikwangwani linalemba za ulimi wosamalira nthaka latentha minda yonse. Mabungwe amene mukufuna kuwatumizira vidiyoyo ndi omwewo amene amafunsa za zimenezi.

Kuluza kwake sikuthera pa ndalama munapereka ija. Vidiyoyi simuigwiritsa ntchito, ndikudziwa, ikhala mu foni ya mlembi mpaka foniyo idzagwe m'madzi. Febuluwale akafika mudzafuna ina, mudzalipiranso, ndipo gawo lalikulu la mtengo wa anyamatawa ndi ulendo, kuchoka ku Lilongwe kufika kuno ndi makilomita oposa 100 ndi mafuta a masiku anowa, pamene mukanagwirizana maulendo onse pakamodzi mukanatha kunenerera. Choopsa kwambiri ndi mamembala. Mayi amene anapereka masheya ake akaona dothi pa laputopu samaganiza za nyengo ayi, amaganiza kuti a komiti adya, ndipo chaka chamawa soya wake adzagulitsa kwa venda wa sikelo yokhota uja osabweretsa ku shedi.

A mthirira ndi a madimba nkhaniyi sikukukhudzani kwenikweni, inu nyengo yanu ndi yomwe ino, sikimu yobiriwira pakati pa dziko louma imaoneka bwino zedi, bola m'mamawa. A malo ogona alendo kunyanja samalani mwera wa Juni Julayi, a ku Thyolo ndi Mulanje chiperoni mukuchidziwa nokha.

Zoti muchite mwachidule, nthawi yanditheranso ndili ndi alimi akundidikira. Ngati ndalama ilipo tengani pakeji ya maulendo awiri kapena atatu, wina mu Febuluwale mbewu zitatseka, wina pokolola mu Epulo kapena Meyi, wina shedi itadzadza matumba. Ngati ndi ya ulendo umodzi perekani dipoziti pano ndalama isanayabwe, koma papepala mulembe mwezi osati tsiku, ndi kuti mvula ikagwa tsikulo adzabweranso osaonjezera, droni siuluka pa mvula. Zolembera mgwirizano ndi kusainirana sindinena, aliyense akudziwa. Aziulutsa isanakwane 9 m'mawa kapena ikadutsa 4 madzulo, ndiye agone konkuno. Mufunseni mabatire ali nawo angati, imodzi imangouluka mphindi 20 mpaka 30 ndipo kumunda kulibe ESCOM. Pakejiyo ikhale ndi zojambula pansi, manja a munthu atagwira nyemba, sikelo, nkhope za amayi akupeta, chifukwa madenga okhaokha palibe amagula. Akupatseni vidiyo yaifupi yoimirira yosapitirira mphindi imodzi ya pa status, ina yopingasa yotumiza kwa ogula, ndi zonse zosadula pa fulashi yanu, mphindi imodzi ya vidiyo yapamwamba ija amati 4K imatha kudya 700MB nde musayembekezere kuti atumiza pa WhatsApp. Aonetse mapepala ake a ku Civil Aviation, oyang'anira za ndege aja, makamaka amene muli kufupi ndi bwalo la ndege ku Lumbadzi kapena ku Chileka. Ndipo kawauzeni amfumu ndi oyandikana nawo minda lisanafike tsikulo, kandege kolira ngati njuchi pamwamba pa nyumba za anthu osadziwa kanthu, m'dziko lomwe mphekesera za anamapopa sizichedwa kuyaka, mudzathamangitsitsa mwana wa eni ake ndi miyala.