Mmene mungalipirire inshuwaransi ya zaumoyo ndi khadi la ngongole ku America popanda kuluza

Kwa munthu wokhala ku United States amene amadzilipirira yekha inshuwaransi ya zaumoyo, bilu imeneyi ndi imodzi mwa zikuluzikulu pamwezi, ndipo popeza ndalamayo imayenera kutuluka mufune musafune, palibe cholakwika kuidutsitsa pa khadi la ngongole limene limabweza kangachepe kapena kupereka mapointi oyendera pandege. Komabe phindu lake ndi lochepa, moti mukaphonya pang'ono pamasamu, wopindula amakhala banki osati inu.

Yambani ndi kuona mtundu wa inshuwaransi imene muli nayo. Ngati ndi ya kuntchito, nkhani yathera pomwepo, chifukwa olemba ntchito amadula ndalamayo kumalipiro, kawirikawiri msonkho usanawerengedwe, ndipo zimene mumapulumutsa pamsonkhowo zimaposa mphoto ya khadi lililonse. Mwayi uli kwa amene anagula inshuwaransi pa HealthCare.gov, msika wa boma wa pa intaneti, kapena pamsika wa m'dera lawo pansi pa lamulo la Affordable Care Act la 2010, amene akupitiriza inshuwaransi ya kuntchito ntchito itatha kudzera mu lamulo lotchedwa COBRA, komanso achikulire ena a pa Medicare, inshuwaransi ya boma ya anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo. Malamulo amakakamiza makampani a pamsikawo kulandira cheke, money order, ndalama yochokera mwachindunji kuakaunti ya kubanki ndi makadi oikidwiratu ndalama, koma za khadi la ngongole kampani iliyonse imasankha yokha. Choncho lowani muakaunti yanu pa intaneti kapena imbani foni, ndipo mufunse ngati amalandira khadi mwezi ndi mwezi, pakuti ena amalilandira pa bilu yoyamba yokha, komanso ngati amaikapo ndalama yapamwamba, yomwe ndi ndalama yowonjezera chifukwa cholipira ndi khadi.

Pa ndalama yapamwambayo ndi pamene pagona nkhani. Tiyerekeze kuti mumalipira madola 600 pamwezi, kutanthauza madola 7,200 pachaka. Khadi lobweza 2 peresenti, monga Citi Double Cash kapena Wells Fargo Active Cash, lingakubwezereni madola 144 pachaka. Koma kampani ikamadula 3 peresenti chifukwa mwalipira ndi khadi, mudzataya madola 216, ndiye kuti chaka chikamatha mwaluza madola 72 kwinaku mukudziona ngati wochenjera. Chimodzimodzinso ndi makampani apakati monga Plastiq, amene amachotsa ndalama pa khadi lanu n'kuitumiza kwa amene salandira makadi, chifukwa nawonso amadula pafupifupi 3 peresenti. Nthawi yokhayo imene ndimaona kuti ndalama yapamwamba ili ndi tanthauzo ndi pamene mwangotsegula khadi latsopano lokhala ndi bonasi yaikulu, imene imafuna kuti muwononge ndalama yakutiyakuti m'miyezi itatu yoyamba. Kutaya madola 18 pamwezi kwa miyezi itatu kuti mupeze bonasi ya madola mazana angapo n'komveka, bola mukangoilandira mubwerere kunjira yopanda mtengo wapamwamba.

Posankha khadi, musakopeke ndi makadi obweza zambiri pa zakudya, mafuta a galimoto kapena mankhwala a kufamase. Makampani a inshuwaransi ali ndi nambala yawoyawo ya mtundu wa malonda, 6300, imene makadi ambiri saiika m'magulu a mphoto zapadera, moti khadi lotere limangobweza 1 peresenti. Khadi lobweza mofanana pa chilichonse ndilo loyenera pano.

Chiwongoladzanja ndicho chimagwetsa anthu ambiri. M'zaka zaposachedwapa chiwongoladzanja cha makadi a ngongole ku America chakhala chikupitirira 20 peresenti pachaka. Madola 600 aja akagona pa khadi mwezi umodzi pa 22 peresenti amabala pafupifupi madola 11, pamene mphoto ya mwezi umenewo ndi madola 12. Konzani kuti banki izichotsa yokha ngongole yonse ya pa khadi tsiku lomaliza lisanafike, osati kandalama kochepetsetsa kamene amalemba pa sitetimenti. Ngati malire a khadi lanu ndi otsika, bwezani bilu ya inshuwaransiyo ikangolowa, chifukwa ngongole yoyandikira malire imatsitsa credit score yanu, nambala yosonyeza mbiri yanu yobweza ngongole, ngakhale mukulipira mokhulupirika.

A pa Medicare amene amalandira kale penshoni ya boma ya Social Security sangagwiritse ntchito njira imeneyi pa Part B, gawo la Medicare lolipira madokotala, pakuti amadulidwa ndalamayo isanafike m'manja mwawo. Amene sanayambe kulandira amatumiziridwa bilu miyezi itatu iliyonse, ndipo akhoza kulipira ndi khadi kudzera muakaunti yawo ya pa Medicare.gov. Mu 2025 mtengo wa anthu ambiri unali madola 185 pamwezi, choncho 2 peresenti inkabweza madola 44 ndi masenti 40 pachaka. Amene ali ndi akaunti ya HSA, yosungiramo ndalama za chipatala, ndipo akulipira COBRA, kapena Medicare atakwanitsa zaka 65, angalipire ndi khadi kenako n'kudzibwezera kuchokera mu HSA popanda msonkho, malinga asunge malisiti.

Choopsa kwambiri, chimene anthu osaka mapointi sachiganizira, ndi khadi lotha nthawi kapena losinthidwa nambala chifukwa cha akuba. Bilu ikakanika kudutsa, inshuwaransi imayamba kuwerengera masiku. Amene amathandizidwa ndi boma kudzera mu premium tax credit ndipo analipirapo kale mwezi umodzi amapatsidwa miyezi itatu, koma kampani imakakamizidwa kulipira mabilu a kuchipatala a mwezi woyamba wokha ndipo ikhoza kuimitsa a miyezi iwiri inayo. Ena amene anagula pamsikawo amatsatira lamulo la dera lawo, lomwe nthawi zambiri limapereka masiku pafupifupi 30. Kuchotsedwa chifukwa chosalipira sikukupatsani mwayi wolembetsanso pakati pa chaka, moti mungadikire mpaka kalembera wotsatira, amene pa HealthCare.gov amayamba pa 1 Novembala. Lembani pa kalendala mwezi umene khadi lanu likutha, tsegulani mauthenga a pafoni ochokera kubanki, ndipo patatha masiku awiri kuchokera tsiku lolipira, lowani muakaunti ya inshuwaransi kuti muone ngati ndalamayo yafikadi.