Musanalowe mkangano wa Crown yokwera ija, yezani kaye izi

Chionetsereni Toyota Crown yatsopano mu July 2022, okonda magalimoto kuno ku Joni sakumvana mpaka pano, ena akuti imeneyo ndiye ya mabwana ena akuti a Toyota aononga dzina. Kwa amene simunaione, imatchedwa Crown Crossover, ndi sedan koma yokwezedwa ngati ikufuna kukhala SUV, mawilo akuluakulu, hybrid (yoyendera petulo ndi magetsi), imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo zina zimabwera zopentedwa mitundu iwiri. Kuikonda kapena kuida zili ndi inu achimwene, ine ndingokuonetsani kasefedwe ka zokamba za anthuzi kuti mudziwe ngati galimoto yotereyi ikugwirizana ndi mayendedwe anu.

Yambani ndi kusiyanitsa madandaulo a mumtima ndi a m'thumba. Amene akufuula kwambiri ndi aja anakula akusirira Crown Athlete, Royal Saloon ndi Majesta, akuti dzinali lilipo kuyambira 1955 ndipo Crown yeniyeni imakankha ndi matayala akumbuyo, pomwe iyi yakhala pa chassis ya banja limodzi ndi Camry, injini yoikidwa chopingasa. Sakunama ayi. Koma zimenezo sizikusinthirani kanthu pa ulendo wochoka ku Rosettenville kupita ku Sandton m'mawa, komanso tsiku lomwelo Toyota inaonetsa mitundu inayi, Crossover, Sport, Sedan ndi Estate, ndipo Sedan ija ikadali yokankha kumbuyo, ndiye wolira angolozeredwa kumeneko basi. Nzeru yokweza sedan nayo si yachilendo, a Volvo anayesapo ndi S60 Cross Country mu 2015 koma sinakhalitse.

Tsopano pamene ambiri akupusitsika ndi apa. Munthu akangomva zoti yokwera amaganiza kale za Disembala, N1 mpaka Musina, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kulowera pa Mwanza kenako kamsewu kafumbi kofika kwa agogo. Dikirani kaye. Chomwe chakwera pa Crown ndi denga ndi mpando, mimba yake sinakwere kwenikweni, kuchoka pansi kufika kumimba ndi pafupifupi 145 mm pomwe Corolla Cross yomwe imapangidwa ku Prospecton ku Durban ili pa 161 mm. Onjezani kuti ndi galimoto yaitali pafupifupi mamita 5, mtunda wa pakati pa tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo ndi 2,850 mm, ndiye pa hampu yosongoka kapena pangalande yokumbika ndi mvula pakati pamakhula ndithu. Chochita n'chosavuta, tengani tepi yoyezera mupite nayo kwa dealer, musachite manyazi ndi suti ya wogulitsayo, gwadani muyeze pomwe patsika kwambiri, pansi pa bampala yakutsogolo ndi pakati. Kenako lowetsani anzanu atatu kumbuyo muyezenso, chifukwa kumudzi palibe amene amapita yekha wopanda katundu. Kukwera kwakeko phindu lake lili pena, polowa ndi potuluka sugwada ngati mu Mark X, mpando umakulandira pamsinkhu wa chiuno, ndipo kwa amene mumanyamula madala ndi masteni kapena msana unayamba kuvuta chimenechi n'chachikulu kuposa zonse zomwe anyamata akukangana.

Mukadali chigwadire choncho werengani nambala ya pa tayala. Zapamwamba zimabwera ndi mawilo a 21 inchi, tayala lake 225/45, lopyapyala m'mbali, lokongola pa chithunzi koma dzenje limodzi la mumsewu wa kuno mvula ikagwa, tayala latupa kapena limu yapindika. Imbani foni m'mashopu a matayala awiri atatu mufunse mtengo komanso ngati alinalo pompo kapena mpaka aitanitse, ndiye dzifunseni kuti likaphulikira ku Tete mulipeza kuti. Ine ndikanasankha ya 19 inchi osaganizanso kawiri. Tsegulaninso pansi pa buti muone ngati muli sipeya yeniyeni, magalimoto ambiri amakono akungoikamo kapampu ndi kabotolo ka guluu.

Za buti, maonekedwe akumbuyo asakunamizeni, ikuoneka ngati chitseko chonse chimatseguka pamodzi ndi galasi koma ayi, ndi kachivundikiro ka sedan wamba. Zikwama zikuluzikulu zamizeremizere zija zimalowa movutikira, kafiliji ndiye iwalani.

Nkhani ya mafuta nayo anthu amaikamba mwachisawawa. Hybrid imapulumutsa petulo kwambiri pamene mukuima n'kunyamuka, pa M1 nthawi yoweruka kapena pa Midrand paja pamathina, chifukwa injini imazima galimoto n'kumayenda ndi mota yamagetsi, ndipo mukaponda buleki mphamvu ija imabwerera mu batire. Siifuna kulumikiza kumagetsi apanyumba, ndiye za load shedding musadandaule nazo. Koma pamsewu wautali mukuthamanga 120 injini imagwira ntchito pafupifupi nthawi yonse ndipo kusiyana kwake ndi galimoto wamba kumachepa. Ndiye werengani makilomita anu apamwezi muone kuti ambiri ndi a mutauni kapena a mtunda wautali, yankho lili pamenepo. Chabwino china kwa ife akuno, Joni ili pamtunda wopitirira mamita 1,700 ndipo injini yopanda turbo imafooka chifukwa mpweya ndi wochepa, pomwe mota yamagetsi ilibe nazo ntchito zimenezo, ponyamuka pa loboti mumamva kusiyana.

Funsaninso kuti munthu akuyamikira kapena kunyoza injini iti, poti zilipo ziwiri. Ya 2.5 ndi yofatsa, yosamala mafuta, giya yake ndi ya eCVT, yopanda magiya owerengeka ija, yoti ukaponda kwambiri injini imangolira mawu amodzimodzi osasintha, ena zimawanyansa zedi. Ya 2.4 turbo ili ndi magiya 6 ndi mphamvu zokwana mahatchi 340, imathamanga koma imamwanso. Poyesa galimoto musalole kungozungulira buloko, pemphani mukwere nayo chitunda, zimitsani wailesi mumve kulira kwake nokha.

Batire musaliope kwambiri, Toyota yakhala ikupanga ma hybrid kuyambira pa Prius mu 1997, koma funsani walanti yake kuti ndi zaka zingati ndi makilomita angati ndipo zikhale zolembedwa papepala, osati zapakamwa. Ngati ndi yogwiritsidwa kale ntchito aiike pa kompyuta muone thanzi la batirelo musanapereke ndalama. Limakhala pansi pa mpando wakumbuyo ndipo limaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya wa mkati mwa galimoto, kafyuluta kake kakadzadza fumbi kapena mukatsekapo ndi katundu limatentha, ndiye mukabwerako kumudzi kayeretseni. Amakaniko a ku Lilongwe ndi Blantyre anazolowera Aqua, Prius ndi Fit, koma chomwe chingakugonetseni panjira si injini kwenikweni, ndi nyali yakutsogolo, windisikilini kapena bampala ya galimoto yosowa. Funsani mtengo wa zitatu zimenezi ndi masabata odikira, mukamva yankho mwina mkangano uthera pomwepo.

Pomaliza mapepala. Mukaiona yotchipa pa intaneti kuchokera ku Japan musathamangire kulipira poganiza kuti muziyendera kuno, malamulo a South Africa salola kuitanitsa galimoto yakale n'kuilembetsa wamba popanda chilolezo chapadera, zija mumaziona pa doko la Durban zimangodutsa kupita maiko oyandikana nawo. Ngati cholinga n'choti ikakhale ku Malawi, pezani clearing agent akuwerengereni msonkho wa MRA kaye, poti umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, komanso dziwani kuti sikilini ya ex-Japan kawirikawiri imabwera m'Chijapanizi. Ngati mukugula konkuno, tengani quote ya inshuwaransi musanasaine chilichonse ndipo mufunse ngati akufuna muike tracker, ndiponso ngati inshuwaransiyo ikugwira ntchito ku Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi. Yangongole ya kubanki siidutsa pa Beitbridge popanda kalata ya banki yokulolani kutuluka nayo, ndiye kalatayo ipempheni kukadali masabata angapo, osati dzulo lake la ulendo.