Zotsalira za mkaka wa soya musamathire nkhumba

Alimi anzanga kuno ku Mchinji, soya tikulima wambiri, wa mtundu wa Tikolore ndi wa Makwacha yemwe, koma akangouma timathamangira naye kwa mavenda pa Kamwendo, pakhomo osatsala ndi ndowa imodzi. Nawonso amayi amene amapanga mkaka wa soya, akafinya pansalu, zotsalira zoyera zija amakathira nkhumba. Apa m'pamene pamandiwawa ine.

M'zotsalirazo muli tiulusi timene azaumoyo amati faiba. M'mimba sitigayika. Tina timayamwa madzi n'kulendera ngati thelere, ndipo shuga wochokera mu nsima amakodwa m'menemo, n'kumalowa m'magazi pang'onopang'ono, osati kamodzin'kamodzi monga zimachitikira mukadya nsima ya ufa woyera n'kutsirira tiyi wotsekemera. Timagwiranso madzi a ndulu n'kutuluka nawo m'chimbudzi. Chiwindi chikafuna kupanga ndulu ina chimatapa mafuta a kolesitolo m'magazi, mafutawo n'kuchepako. Tina tolimba timangokankha chimbudzi kuti zonyansa zisagone nthawi yaitali m'matumbo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azidya faiba wosachepera magalamu 25 pa tsiku, ndipo nsima yoyera ndi usipa sizingakufikitseni pamenepo.

Chinthu choyamba, soya wosapsa asalowe m'kamwa. Ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni, ndipo zimatha ndi moto. Wiritsani madzi kaye, kenako muzithira soya wouma pang'onopang'ono madziwo osasiya kuwira, n'kumusiya awire kwa mphindi 30. Mukayamba ndi kumunyika m'madzi ozizira, ndiye mwaputa fungo lija limene ana amakanira phala.

Zotsalirazo phikaninso tsiku lomwelo chifukwa sizichedwa kusasa. Thirani m'phala la mgaiwa, m'chikondamoyo, kapena tenderani nkhwani. Zikachuluka kazingani pa chiwaya mpaka ziume gwaa, musunge m'chigubu chotseka bwino. Yambani ndi masupuni awiri ndipo muzimwa madzi ambiri, apo ayi mimba idzadzaza mpweya mpaka mudzandinena.

Ana aang'ono ndi nkhani ina. Mimba yawo imakhuta msanga, choncho phala lawo likhale la soya wochotsa makoko, kapu imodzi pa makapu anayi a chimanga.

Inu a matenda a shuga, soya sakulowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Ndipo chimanga kapena mtedza wa chuku musadye poganiza kuti faiba akachotsa poizoni wake. Wachuku ngwotaya basi.