Banki itakana wilo ya malemu mayi

Mayi atatisiya, akaunti yawo ya ku banki inatsekedwa, ngakhale wilo yawo inanditchula ine kuti ndiyendetse chuma cha masiye. A ku banki anandiuza kuti wilo payokha siyokwanira. Ankafuna chikalata cha khoti chotchedwa probate, chotsimikiza kuti wiloyo ndi yovomerezeka komanso kuti woyendetsa chumacho ndinedi.

Chimene chinandivuta kwambiri n'chakuti ndinali ndi fotokope chabe, pomwe khoti limafuna wilo yeniyeni imene mayi ndi mboni zawo anasainapo. Pansi pa tsamba lomaliza panali chidindo chofufutika cha loya amene anailemba. Ndinalondola dzinalo, ndipo wilo yeniyeniyo ndinaipeza ili mu envulopu yomata, m'sefa yosungiramo zikalata ya loyayo.

Ndinaipereka kukhoti pamodzi ndi setifiketi ya imfa ndi mndandanda wa katundu ndi ngongole zonse. Chikalata chitatuluka, banki inamasula ndalama. Abale ankafuna tigawane nthawi yomweyo, koma ndinakana, chifukwa ngongole za malemu zimayamba kubwezedwa, ndipo woyendetsa chuma akafulumira kugawa, eni ngongole akhoza kumugwira iyeyo. Nditabweza zonse, aliyense analandira gawo lake monga mayi analembera, n'kusainira kuti walandira.