Momwe mungawerengere mwala wa pansi pa nyanja yakale ku Cincinnati

Dera la mzinda wa Cincinnati, ku Ohio m'dziko la America, linali pansi pa nyanja yosaya zaka pafupifupi 450 miliyoni zapitazo, m'nyengo ya Ordovician. Malo ena matope a laimu ankalimba gwa madzi akadali pamwamba, n'kusanduka thanthwe lomwe akatswiri amalitcha hardground. Pathanthwepo pankamata nyama za gulu la echinoderm, abale ake a starfish, nyama ya m'nyanja yooneka ngati nyenyezi. Mukatola chibenthu cha mwala wotere, mutha kudziwa momwe nyamazo zinkakhalira komanso momwe zinafera.

Yambani ndi chilolezo. Ku Caesar Creek, malo otolera miyala yotere kumpoto chakum'mawa kwa Cincinnati, amachipereka ku ofesi ya alendo ya US Army Corps of Engineers. Nyundo saloleza, ndipo mumatenga chokwana m'chikhatho basi.

Musanausunthe mwalawo, lembani chizindikiro mbali yomwe yayang'ana kumwamba. Ambiri amathamangira kuutembenuza, kenaka sadziwanso ngati nyamayo inkakhala pamtunda kapena kunsi kwa thanthwe.

Kenako tsimikizani kuti pansipo panalidi polimba. Funafunani timaenje towongoka, ting'onoting'ono, totchedwa Trypanites. Chokumba m'matope ofewa chimalambalala chigoba chikakumana nacho, koma choboola thanthwe chimangodutsa pomwepo. Mukaona kaenje kodula chigoba pakati, mwapeza umboni.

Tsopano tengani galasi lokulitsira zinthu. Edrioasteroid, imodzi mwa nyama za echinoderm zija, imakhala yozungulira, yaphwatalala ngati ndalama yachitsulo, ndi mizere isanu yokhota yochokera pakati. Wina mwa mitundu yake, Isorophus cincinnatiensis, anausankha mu 2002 kukhala chizindikiro cha mzinda wa Cincinnati. Kwa crinoid, echinoderm ina yoima pa phesi ngati duwa, kawirikawiri chimatsala ndi tsinde lomatira, kanthu kotumphuka kokhala ndi kabowo pomwe panali phesi.

Apa ndiye pofunika kudekha. Thupi la echinoderm ndi timapale tambirimbiri ta calcite, mwala wa laimu, tolumikizidwa ndi mnofu. Nyamayo ikafa, mnofu umawola m'masiku kapena masabata ochepa, timapaleto n'kumwazika. Ndiye mukapeza edrioasteroid yathunthu, mizere yonse ili m'malo mwake, dziwani kuti matope anaifotsera mwadzidzidzi, mwina ndi namondwe, ikadali yamoyo kapena itangofa kumene. Ngati pakati pagumuka, pangotsala mkombero wakunja, inawolera poyera matope asanafike. Tsinde la crinoid lopanda phesi, lofufutika, likusonyeza kuti thanthwelo linakhala nthawi yaitali lisanakwiririke. Onaninso ngati bryozoan, gulu la tinyama tokuta mwala ngati ndere, yayanga pamwamba pa tsindelo, chifukwa chili pamwamba ndicho chinabwera pambuyo. Ineyo ndimaona kuti mwala wosakanikirana chonchi ndi wophunzitsa kuposa wokongola wa nyama yathunthu, popeza umasunga mibadwo ingapo pamalo amodzi.

Potsuka gwiritsani ntchito madzi ndi mswachi wofewa. Viniga ayi, amasungunula calcite yomwe mukufuna kuonayo. Ukauma, lembani papepala malo enieni, tsiku ndi gawo la thanthwe lomwe unachokera, n'kuika m'thumba limodzi ndi mwalawo.